Mafunso a Owerenga: Zofukizira Zokongoletsa ndi Fungo la Lubani M'nyumba

Mwezi uno talandira makalata angapo ofunsa za zofukiza za m'nyumba ndi ziwiya zofukizira, choncho tawaika pamodzi kuti tiwayankhe nthawi imodzi.

FUNSO: Akonzi, ndinagula chofukizira chamtengo chosemedwa mwaluso, chokhala ndi maluwa m'mbali mwake, ndipo chimakongoletsa kwambiri pabalaza panga. Vuto ndi lakuti ndikazikapo kamtengo ka lubani n'kuyatsa, phulusa limagwera kunja kwa chofukiziracho, moti tsiku lina kaphulusa kamoto kanabowola nsalu yanga ya patebulo. Kodi ndine amene ndikulakwitsa, kapena chofukiziracho n'chimene chili ndi vuto? — Mayi wokonda kusamala pakhomo

YANKHO: Pepani mayi chifukwa cha nsalu yanuyo, ndipo tithokoze kuti moto unathera pomwepo osafika pa makatani kapena pa mipando. Vuto lili pa chofukiziracho. Ambiri mwa amene amapanga zinthu zimenezi masiku ano amaika mtima pa mmene chinthucho chidzaonekere pa shelefu, n'kuiwala kuti chili ndi ntchito ziwiri zimene chiyenera kuzigwira nthawi zonse, zomwe ndi kugwira chinthu choyaka kuti chisagwe ndiponso kulandira phulusa lonse mpaka moto utazimiratu. Chofukizira chimene chikulephera imodzi mwa ntchito zimenezi sichiyenera kuyatsidwapo moto, ngakhale chikongole chotani.

Pali njira yosavuta yoyesera chofukizira musanachigule. Zikani kamtengo kosayatsa m'kabowo kake, kenako muyang'ane kuchokera pamwamba. Nsonga ya kamtengoko iyenera kukhala mkati mwa malire a mbale yolandira phulusa, ndipo patsale danga la zala ziwiri kapena zitatu musanafike m'mphepete. Timitengo tambiri topangidwa ku India timatalika kupitirira pang'ono masentimita 20, pamene zofukizira zambiri zokongoletsa zimakhala zazifupi kuposa pamenepo. Onaninso kukula kwa kabowoko, chifukwa kakakhala kotakasuka kamtengo kamapendekera kumbali, ndipo kamphepo kochepa chabe kolowera pazenera kamakwanira kuulutsa phulusa. Chanucho musachitaye. Chikhazikeni pa mbale yadothi yaikulu ndi yafulati, ndipo mudzakhala mwasunga kukongola kwake komanso mwateteza tebulo lanu.

Chinthu china chimene ogulitsa ambiri safotokoza n'chakuti chofukizira chimasankhidwa potengera chimene mukufuna kuyatsa. Chamtengo chimayenera timitengo tokhala ndi nsungwi mkati tokha, chifukwa moto wake umazima wokha ukafika pamene pathera ufa wonunkhira, usanakhudze thabwa. Timitengo ta ku Japan ndi ku Tibet tilibe nsungwi mkati, kotero timayaka mpaka kumapeto kwenikweni, ndipo timafuna chofukizira chadothi, chamwala kapena chachitsulo. Timibulu tosongoka pamwamba timatenthetsa kwambiri pamene takhala, moti timasiya chipsera chakuda pa thabwa ndipo timatha kung'alula galasi lopyapyala. Makala ndiwo amafuna chisamaliro choposa zonsezi, chifukwa chofukizira chamkuwa chokhala ndi khala la moto mkati chimatentha mpaka pansi pake, ndipo chimawotcha dzanja ndi tebulo lomwe ngati chilibe miyendo kapena chogwirira. Mukandifunsa chiwiya chimodzi chimene chingagwire ntchito zonsezi, ndingakuuzeni kuti ndi mbale yadothi yakuya yothiramo mchenga wouma kapena phulusa losefa bwino. Kamtengo mumangokazika mumchengamo, kam'bulu mumakakhazika pamwamba, ndipo khala limakhala pakati osakhudza mbale.

Sindikunena kuti kukongola kulibe phindu. Amisiri akale ankadziwa kulumikiza kukongola ndi ntchito. Ku China, m'nthawi ya ufumu wa Han, ankasula zofukizira zokhala ndi chivindikiro chooneka ngati phiri la nsonga zambiri, ndipo pakati pa nsongazo ankabisa timabowo kuti utsi uzituluka pang'onopang'ono uku ukuzungulira phirilo. Chimodzi mwa zimenezi, chokongoletsedwa ndi golide, chinapezeka mu 1968 m'manda a kalonga Liu Sheng amene anamwalira m'chaka cha 113 Yesu asanabadwe. Timabowo timene tinkakongoletsa chivindikirocho ndi tomwenso tinkalowetsa mpweya kuti moto usazime, ndipo chivindikiro chomwecho chinkatchinga moto kuti usathethekere kunja. Chimodzimodzinso chofukizira cha ku Arabia chotchedwa mabkhara chimakhala ndi tsinde lalitali, ndipo cha ku Somalia chotchedwa dabqaad chimakhala ndi chogwirira, kuti munthu azitha kuzinyamula kuchoka m'chipinda china kupita m'chinzake osapsa m'manja.

FUNSO: Akonzi, pa mapaketi amene ndimagula pamalembedwa mayina monga sandalwood ndi oud, ndipo ndisanayatse timitengoto timanunkhira kwambiri. Koma ndikayatsa, ndimangomva fungo la nkhuni zopsa losakanikirana ndi pafyumu wamphamvu, ndipo pasanathe nthawi mutu umayamba kundiwawa. Kodi sandalwood weniweni amanunkhira chonchi? — Bambo wodabwa

YANKHO: Ayi bambo, sanunkhira choncho. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti mukugula timitengo tonyika, ndipo ndi bwino ndifotokoze kusiyana kwake. Timitengo ta zofukiza timapangidwa m'njira ziwiri zikuluzikulu. Njira yoyamba ndi yosinja mitengo yonunkhira, makungwa, maluwa ndi utomoni n'kukhala ufa, kenako ufawo amaukanda ndi madzi pamodzi ndi ufa wa khungwa lomata, n'kuukulunga pa kansungwi. Njira yachiwiri ndi yofulumira: amatenga timitengo topanda fungo topangidwa ndi ufa wa makala kapena utuchi, n'kutinyika m'mafuta onunkhira opangidwa m'fakitale amene asungunulidwa ndi mankhwala ena. Timitengo tonyikati kawirikawiri timakhala takuda bii, timanunkhira mwamphamvu paketi ikadali chitsekere, ndipo nthawi zina timasiya banga la mafuta papepala lokulungira. Tokandati timakhala totuwa kapena tofiirira, tokhakhala, ndipo mukatisisita ufa umatsalira pa zala. Fungo lake limakhala lofatsa musanayatse, n'kudzatuluka bwino moto ukayamba kuyenda. Fungo la nkhuni zopsa limene mukulimvalo likuchokera ku utuchi ndi kansungwi ka mkati, ndipo n'chifukwa chake anthu amene salikonda amasankha timitengo ta ku Japan, timene ufa wake umagwirana ndi khungwa la mtengo wa tabu popanda nsungwi.

Kunena za mayina a papaketi, mukadziwa kumene zinthuzi zimachokera mumvetsa chifukwa chake sizingakhale zochuluka m'paketi yotsika mtengo. Sandalwood wotchuka kwambiri ndi wa mtengo wa Santalum album umene umamera kumwera kwa India, makamaka m'dera la Mysore. Fungo lake limakhala mkatikati mwa thunthu ndi m'mizu, ndipo pamapita zaka 15 kapena kuposerapo kuti mtengo ukhwime mokwanira. Fungolo ndi lofewa, lozizira mtima, ndipo limakhalitsa m'chipinda popanda kubaya m'mphuno. Oud ndi wosowa kuposa pamenepo. Amachokera ku mitengo ya Aquilaria ya kumwera chakum'mawa kwa Asia ndi kumpoto chakum'mawa kwa India, ndipo chodabwitsa n'chakuti mtengo wathanzi sununkhira n'komwe. Umayamba kununkhira ukavulala n'kulowedwa ndi nkhungu, chifukwa podziteteza umatulutsa utomoni wakuda umene umalowerera m'thabwa kwa zaka zambiri. Mbiri yakale ya ku Japan imasimba kuti m'chaka cha 595 chipika cha mtengo woterewu chinakokoloka ndi madzi n'kufika pa chilumba cha Awaji, ndipo anthu a kumeneko, osadziwa kuti n'chiyani, anachiponya pamoto pamodzi ndi nkhuni zina mpaka fungo lake linawadabwitsa n'kukachipereka kunyumba yachifumu. Mitengoyi yadulidwa kwambiri m'nkhalango moti mtundu wa Aquilaria malaccensis unaikidwa pansi pa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi, m'chaka cha 1995.

Choncho dzina la papaketi nthawi zambiri limangotchula fungo limene opanga ayesa kutsanzira. Kutsanzira pakokha si mlandu, ndipo kumathandizanso kuti mitengo yosowayi ipume, koma ngati mutu ukukuwawani thupi lanu lakana kale mtundu umenewo, ndipo musaukakamire. Funani paketi imene yalemba zinthu zimene zili mkati mwake, gulani yaing'ono poyamba, ndipo yatsani theka la kamtengo zenera lili lotsekula. Fungo lenileni la zofukiza mumaliweruza bwino mutakhala patali ndi utsi mamita awiri kapena atatu, kapenanso mutatuluka n'kulowanso m'chipindamo moto utazima.

FUNSO: Ndinalandira mphatso ya chofukizira chija chimene utsi wake umatsika ngati mathithi. Pa zithunzi chimaoneka bwino kwambiri, koma changa utsi umangokwera m'mwamba, fungo lake silisangalatsa, ndipo pamatsala zomata zofiirira. Ndichite chiyani? — Mtsikana wa ku koleji

YANKHO: Chemwali, chofukizira chimenechi chimagwira ntchito ndi timibulu tapadera tokhala ndi kabowo kochokera pansi kulowa mkati. Utsi ukalowa m'kabowomo umazizira, ndipo popeza umakhala wodzaza ndi tinthu tolemera kuposa mpweya wozungulira, umatsika kudzera pa bowo la chofukizira n'kuyenderera m'timasitepe take. Mukagwiritsa ntchito kam'bulu wamba kopanda bowo, utsi sungatsike. Onetsetsaninso kuti kabowo ka kam'bulu kalunjika ndendende pa bowo la chofukizira, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti moto ufike pamene payambira kabowoko, ndipo muzimitse fani chifukwa kamphepo kalikonse kamamwaza utsiwo.

Za fungo, ndikuuzeni zoona: timibulu tambiri ta mtundu umenewu timapangidwa kuti titulutse utsi wochuluka ndi wolemera, ndipo kununkhira kumabwera pambuyo. N'chinthu chosangalatsa maso kuposa mphuno, choncho chiyatseni mwa apo ndi apo, kwa kanthawi kochepa, kenako mutsekule mazenera. Zomata zofiirirazo ndi mafuta ndi phula zochokera mu utsi. Zipukuteni ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti chofukiziracho chikazizira, chifukwa zikaunjikana ndi zomwezo zimene zimabweretsa fungo lowawa tsiku lotsatira.

FUNSO: Akonzi, ndinagula lubani weniweni wa timibulu ta utomoni pamodzi ndi makala ozungulira aja. Ndikaika lubaniyo pa khala, nyumba yonse imadzaza utsi wowawa wotsamwitsa, ndipo fungo labwino limangomveka kamphindi kochepa koyambirira. Kodi anandigulitsa wachinyengo? — Agogo aamuna opuma pantchito

YANKHO: Agogo, ngati kamphindi koyambako mukumva fungo labwino, n'kutheka kuti lubani wanu ndi weniweni ndithu, koma akupsa m'malo mosungunuka. Lubani ndi utomoni wa mitengo ya Boswellia imene imamera m'malo ouma ndi amiyala a ku Oman, Yemen, Somalia ndi Ethiopia. Okolola amatema khungwa pang'ono, madzi oyera ngati mkaka amatuluka, ndipo amawasiya kwa milungu ingapo kuti aume n'kukhala timibulu timene mwagulato. Malonda ake ndi akale kwambiri, moti malo amene ankakololedwa ndi kutumizidwira kunja m'chigawo cha Dhofar ku Oman anaikidwa pa mndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri ya dziko lonse m'chaka cha 2000. Chimene chimanunkhira mu utomoniwu ndi mafuta amene amauluka akangotenthedwa pang'ono. Kutentha kukapyola muyeso, mafutawo amatha msanga ndipo chotsalacho chimayamba kupserera, n'kutulutsa utsi wowawa umene mukudandaula nawowo.

Chitani motere. Thirani mchenga wokwana masentimita atatu kapena kuposerapo m'chofukizira chanu. Gwirani khala ndi chopanira chachitsulo, osati ndi zala, ndipo muliyatsire panja kapena pazenera, chifukwa makala ozungulirawa amasakanizidwa ndi mankhwala othandiza kuti agwire moto msanga, ndipo poyamba amathetheka n'kutulutsa utsi wonunkha umene suyenera kupumidwa. Mukalikhazika pa mchenga, lezani mtima kwa mphindi zisanu mpaka khumi kufikira khala lonse litakutidwa ndi phulusa lotuwa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amafulumira kuika lubani pa khala lofiira limene likadali laukali. Wazani kaphulusa kena kapena kamchenga pamwamba pa khalalo, kenako ikanipo kachibenthu kamodzi ka lubani kosaposa theka la sentimita. Mudzaona kakuyamba kunyezimira, kenako kufewa, kenako kutulutsa tithovu ting'onoting'ono m'mbali mwake, ndipo kautsi koyera kopyapyala kadzakwera mowongoka kali ndi fungo lopepuka lofanana ndi la masamba a paini. Kachibenthuko kakayamba kuda, kachotseni ndi nsonga ya chopanira musanaikepo kena.

Anthu a ku Japan, pa luso lawo lofukiza lotchedwa Kodo, anapititsa nzeru imeneyi patsogolo kwambiri. Iwo amakwirira khala lonse m'phulusa, n'kusiya kabowo kamodzi kotulukira kutentha, ndipo pamwamba pa kabowoko amaikapo kachidutswa kopyapyala ka mwala wa mica. Kachibenthu ka mtengo wonunkhira kamakhala pa mwalawo, kamatenthedwa osapsa, ndipo fungo limatuluka popanda utsi wooneka. Inunso mungachite zofanana nazo poika kapepala ka aluminiyamu kopindidwa kawiri pakati pa khala ndi lubani, kapena pogula chofukizira chamagetsi chimene mumatha kuchepetsa kutentha kwake. Mukazolowera, yesani kusakaniza lubani ndi kachidutswa ka mure, amene fungo lake ndi lolemera ndi lowawira pang'ono, kapena utomoni wa benzoin wa ku Sumatra umene umabweretsa fungo lotsekemera. Pomaliza musaiwale kuti khala limatha kukhala lamoto kwa ola lathunthu kapena kupitirira ngakhale likuoneka lozima, choncho lithireni madzi kapena mulikwirire mumchenga, ndipo musalitaye m'bini ya zinyalala likadali lofunda.

FUNSO: Ndili ndi mwana wa miyezi inayi, ndipo apongozi anga amene tikukhala nawo amadwala mphumu. Ndimakonda kufukiza madzulo aliwonse, ndipo zimene ndimagula zimalembedwa kuti n'zachilengedwe. Kodi pali choopsa? — Mayi wa khanda

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa, ndipo yankho langa ndi lakuti musamafukize m'chipinda chimene muli mwanayo kapena apongozi anu. Mawu akuti zachilengedwe amanena za zinthu zimene anapangira, koma chilichonse chimene chikupsa, ngakhale chichokere ku mtengo wabwino chotani, chimatulutsa utsi, ndipo mu utsi wa zofukiza muli tinthu ting'onoting'ono kwambiri timene akatswiri amatitcha PM2.5, tomwe timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Mumapezekanso mpweya woipa wa carbon monoxide ndi mankhwala monga formaldehyde ndi benzene. Khanda limapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu ndipo njira zake za mpweya ndi zopapatiza, pamene kwa munthu wa mphumu utsi wochepa chabe umatha kuyambitsa kubanika. Palinso kafukufuku wa ku Singapore amene anatsatira anthu oposa 60,000 kwa zaka zambiri, ndipo zotsatira zake zimene zinatuluka mu 2008 zinasonyeza kuti amene ankafukiza kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali anali pa chiopsezo chokulirapo cha khansa ya m'njira zakumtunda zopumira, monga m'kamwa ndi pakholingo. Zimenezi sizikutanthauza kuti kamtengo kamodzi koyatsidwa mwa apo ndi apo kadwalitsa munthu, koma zikutiuza kuti kuchuluka kwa utsi ndi kutalika kwa nthawi n'zofunika kuziganizira.

Ndikudziwa kuti chizolowezi chimene chimakupumitsani mtima madzulo n'chovuta kuchisiya, makamaka pa nthawi yotopetsa ngati ino ya kulera khanda. Ngati mukufuna kupitiriza, fukizirani pakhonde kapena m'chipinda chimene awiriwa salowamo, chitseko chili chotseka ndi zenera lili lotsekula, ndipo mudikire kuti utsi utheretu musanatsekule chitsekocho. Komabe kwa miyezi ino ndingakonde mutasankha njira zopanda moto, monga kuika timitengo tosayatsa m'kabati ya zovala zanu kapena m'kambale pamalo pamene mwana sangafikire akadzayamba kukwawa. Mukaona kuti mwana akutsokomola, akupuma mofulumira kapena movutikira, kapena apongozi anu akugwiritsa ntchito mankhwala awo opopera kawirikawiri kuposa kale, siyani kufukiza konse ndipo pitani nawo kuchipatala. Amene amaweta mbalame m'nyumba adziwenso kuti mbalame zimavulala msanga ndi utsi kuposa anthu.

FUNSO: Poyamba kamtengo kamodzi kankakwana, koma tsopano ndimayatsa titatu ndipo sindimvabe fungo, pamene alendo amati nyumba yanga imanunkhira mopitirira. Ndimafukiza pofuna kubisa fungo la chinyezi. Kodi zofukiza zanga zasuluka? — Wowerenga wanu wokhulupirika

YANKHO: Mvereni alendo anuwo, chifukwa mphuno zawo n'zimene zikunena zoona. Mphuno ya munthu imazolowera fungo limene ikulimva nthawi zonse mpaka imasiya kulizindikira, ndipo kuwonjezera timitengo kumangowonjezera utsi pa makoma, pa makatani ndi m'mapapo anu. Siyani kufukiza kwa sabata imodzi, kenako muyambirenso ndi theka la kamtengo, ndipo muzisinthasintha mitundu iwiri kapena itatu yosiyana, mwachitsanzo wa mitengo lero, wa maluwa tsiku lina.

Fungo la chinyezi silibisika ndi zofukiza. Mafungo awiriwa amangosakanikirana n'kukhala fungo lachitatu loipa kuposa oyambawo. Fufuzani kumene chinyezicho chikuchokera, kaya ndi denga lodontha, khoma limene lachita nkhungu kuseri kwa kabati, kapena kapeti imene inanyowa osaumitsidwa bwino, ndipo mukonze pamenepo poyamba. Chinyezi chomwecho chingathenso kuwononga zofukiza zanu, chifukwa timitengo tikanyowa timazimazima ndipo timatha kuchita nkhungu. Tisungeni m'chitini kapena m'botolo lagalasi lotsekeka bwino, kutali ndi dzuwa ndi kutentha, mtundu uliwonse pawokha kuti mafungo asalowerane.